Mwagula sola na batili, nanga mayuniti akali kutha msanga bwanji?

Kwezani maso mukamapita mu Matero, Kanyama, Chawama olo Mtendere. Pa malata pamene kale panali cabe miyala, matayala akale na dishi ya TV, manje pali tumapanelo twa sola tukung'anima. Kumayadi ni cimodzimodzi, kusiyana cabe kukula. Caka ca 2024 cinatiphunzitsa na mkwapulo. Mvula inakana, madzi mu Kariba anatsika, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Mu March malaiti anayamba kuzima maola 8 pa tsiku, ndipo pofika miyezi yotentha madela ambili anali kukhala opanda malaiti mpaka maola 21. Aliyense amene anali na kandalama pambali, olo amene inali nthawi yake yolandila cilimba, anathamangila ku Kamwala na ku town kukasakila panelo, invata na batili.

Koma mvelani zokamba za mu minibasi na mu mababa shopu. Uyu ati nagula invata na batili, koma mayuniti yasila mwamsanga kucila kale. Uyo ati sola yanga ni yamphamvu, koma pa mwezi nipulumutsa cabe ya talk time. Winanso akangana na anzake a pa yadi cifukwa ca mita. Onse akamba zoona, ndipo palibe amene anawalodzela mita. Vuto ni yakuti tinagula zida tisanamvetse mmene ZESCO imatilipilitsila.

Ngati muli na m'bale ku London olo ku Manchester, mwina anakuuzani kuti kumeneko munthu amasankha kampani ya magetsi monga mmene ise timasankhila pakati pa MTN na Airtel. Makampani ena amachipitsa magetsi pakati pa usiku, ndiye anthu amachaja batili usiku na kuisewenzetsa madzulo mtengo ukakwela. Nzelu imeneyo kuno siigwila. Pa nyumba ogulitsa ni mmodzi, ZESCO, ndipo mtengo umavomelezedwa na Energy Regulation Board, ERB. Yuniti ya 02 hours usiku na yuniti ya 19 hours pamene mukuphika nsima ni mtengo umodzi. Mitengo yosintha na nthawi ni ya mafakitale na makampani akulu. Koma musaganize kuti mulibe cosankha. Cilipo, ndipo ciposa ca kwa azungu: mumasankha sitepu imene muzaimapo.

Masitepu a mayuniti

Mtengo wa magetsi a pa nyumba unapangidwa monga masitepu. Mayuniti 100 oyamba pa mwezi ndiwo ochipa kwambili. Mukapitilila apo mwakwela sitepu, yuniti iliyonse yadula. Mukapitililanso mwakwela ina, ndipo mukadutsa 500 muli pamwamba penipeni pamene thumba imalila. Kusiyana kwake si kwa masewela. Pamene mitengo yapadela ya nthawi ya cilala inayamba pa 1 November 2024, kuti ZESCO ipeze ndalama zogulila magetsi ku maiko ena monga Mozambique, yuniti ya pa sitepu yoyamba inatsika kucoka pa 44 ngwee kufika pa 35 ngwee, koma ya pamwamba pa 500 inalumpha kufika pa K6.39, msonkho usanaikidwepo. Ndiye kuti ndalama ya yuniti imodzi ya pamwamba inali kugula mayuniti 18 a pansi. Manambala amasintha ERB ikakhala pansi, koma masitepu amakhalapo.

Apa ndiye pamene panabadwila nthano yakuti mukagula pa 1 mwezi mumalandila mayuniti ambili. Tsiku ilibe kanthu. Kompyuta ya ZESCO imawelenga mayuniti amene mita yanu yagula kuyambila pamene mwezi unayamba. K100 yoyamba ya mwezi imagula pa sitepu ya pansi, olo mugule pa 2 olo pa 20. K100 yaciwili olo yacitatu imapeza kuti ochipa anatha kale, ndiye imabweletsa ocepa. Mwezi ukasila, masitepu amayambanso pansi.

Munthu wa sola afunika kugwila bwino mfundo iyi cifukwa muli ndalama. Mayuniti ochipa a mwezi ngati simunawagule apita, sabwelanso. Koma amene mwagula na kulowetsa mu mita saola. Ndiye ngati mu August, September na October dzuwa ikucita zonse ndipo mita yanu ili cete, musaleke kugula. Gulani 100 yanu yochipa mwezi uliwonse, muziisunga mu mita monga cimanga mu nkhokwe. January na February mitambo ikatseka kumwamba masiku atatu otsatizana, muzadya za mu nkhokwe pa mtengo wa pansi, pamene anzanu akukwela masitepu. Mita ya prepaid ndiyo batili yochipa kupambana zonse, ndipo ogulitsa ku Kamwala sangakuuzeni cifukwa sapezapo kanthu. Cimodzimodzinso, mukalandila bonasi musagule mayuniti a miyezi itatu tsiku imodzi kuti mupumule. Kompyuta izaona monga mwadya zonse mwezi umodzi, izakukwezani pamwamba.

Manje funso yaikulu: sola imakucotselani mayuniti ati? Imayamba kucotsa a pamwamba. Nyumba imene imadya mayuniti 600 pa mwezi, ya giza, sitovu ya mapuleti anayi, mafiliji awili na pampu ya madzi, ikaika mapanelo imadula mayuniti odula kwambili poyamba, ndipo ndalama imabwela mooneka. Koma nyumba ya zipinda ziwili ku Garden olo ku Kalingalinga, ya mababu anayi, TV, fani na kafiliji, imene imadya 80 olo 120, sola yake ikulimbana na magetsi ochipa kale. Pa bilu muzapulumutsa zocepa cabe, ndipo angakuuzeni kuti izabweza ndalama yake mu caka cimodzi akunamizani. Phindu yanu ili kwina: ana awelenga usiku, foni ili na moto, ndiwo sizionongeka, makandulo simugula. Zimenezo ni zazikulu, koma sizifuna cisistemu ca ndalama zambili. Gulani kang'ono kokwanila mdima, zotsala lekelani ZESCO pa sitepu yoyamba.

Masamu ake si ovuta. Panelo ya 550 watts pa dzuwa ya Lusaka imapatsa mayuniti 2 olo kupitililako pang'ono pa tsiku, ndiye kuti 60 mpaka 75 pa mwezi. Mapanelo anayi ni pafupifupi 240 mpaka 300. Koma manambala awa ni oona pokhapo ngati moto uja muusewenzetsa olo muusunga. Ngati batili yadzala pa 11 hours, nonse muli ku nchito, mu nyumba mukulila filiji yokha, dzuwa yonse ya masana ingopita cabe monga madzi a pompi yosatseka.

Mita imodzi, mabanja anayi

Mu komboni nkhani ya masitepu imaluma kwambili pa mayadi a lendi. Tiyelekeze yadi ya mabanja anayi pa mita imodzi, banja iliyonse imadya mayuniti 100. Kompyuta siidziwa kuti kuli mabanja anayi. Imaona nyumba imodzi yodya 400, ndipo imapatsa 100 yochipa imodzi cabe kuti mugawane. Aliyense pa yekha akanakhala pa sitepu ya pansi, koma pamodzi mulipila mtengo wa munthu wa kumayadi. Ndiye cifukwa cake mumasonkha pa 1, pofika pa 12 ba landilodi agogoda kale ati sonkhaninso.

Kamita kang'ono kamene ba landilodi ena amagula okha na kuika pa khomo ya aliyense kamathandiza kudziwa amene akudya kwambili, ndipo kamacepetsa ndeu. Koma sikabweletsa 100 yochipa, cifukwa ZESCO ikali kuona mita imodzi. Cimene cimasintha mtengo ni mita yanuyanu ya ZESCO, ya nambala yake. Pali ndalama yolipila kuti aike, ndipo pali kuyembekeza, koma pa yadi ya mabanja ambili iyi ndiyo sola yoyamba. Kambani na ba landilodi, muwaonetse masamu pa pepala. Naonso amatopa kukhala ba polisi a aini na ketulo.

Ndipo imwe ba lendi amene munagula invata na batili popanda panelo, n'kumachaja pa mita ya onse, tikambe cilungamo: anzanu akulipililani. Malaiti akabwela pakati pa usiku, onse ali mtulo, batili yanu ikumwa mayuniti a pa yadi. Mawa malaiti akapita imwe muli pa TV, anzanu ali pa kandulo imene agula na ndalama yawo. Onjezelani ndalama yosonkha, olo ikani panelo.

Batili siibala moto

Anthu ambili amati nili na sola, koma ukaona ni invata na batili cabe. Batili ni mgomo, si citsime. Zimene mwathilamo ndizo muzatunga, ndipo mgomo wake umadontha. Mukathila mayuniti 10 kucoka ku ZESCO mu batili ya mtovu, ija ya gel olo ya madzi, pobwela kudzela mu invata muzapeza 7, mukacita mwayi 8. Ya lithium imabweza pafupifupi 9. Otsalawo asanduka kutentha. Invata nayo imadya olo musayatse ciliconse. Zazikulu zochipa zija zingadye ma watts 50 zili cabe ciyatsile, ndipo 50 kwa maola 24 ni yuniti imodzi na kakang'ono pa tsiku, mayuniti 36 pa mwezi. Pa nyumba ya 100 pa mwezi, iyo yokha yakukwezani sitepu. Ikani pamenepo mfundo yakuti kale malaiti akapita mita inali kupumula, manje nyumba ikuyaka usana na usiku. Mwaona ka cifukwa cake mayuniti akutha?

Ngati muli na mapanelo koma mita ikali kuthamanga, pitani mukaone kagalasi ka pa invata. Mainvata ambili ali na posankhila kumene nyumba izitenga moto poyamba, na posankhila cimene cizichaja batili. Ambili amacoka ku fakitale ali pa ZESCO poyamba, ndipo woika akakhala wothamanga amasiya conco. Zotsatila zake ni izi: malaiti akabwela usiku ZESCO imadzaza batili, m'mawa dzuwa ikatuluka ipeza mgomo uli wodzala kale, mapanelo angokhala pa denga monga maluwa. Mwagula sola koma mukali kudya mayuniti. Pa mainvata ambili pali posankha polembedwa SBU, kutanthauza sola poyamba, batili kaciwili, ZESCO pothela. Palinso posankha kuti batili izichajidwa na dzuwa cabe, olo dzuwa poyamba.

Ndiye muike pati? Zidalila sitepu yanu na nyengo. Wa pamwamba, wa mayuniti 400 olo 600, mu cilimwe aike dzuwa poyamba, batili igwile madzulo, ZESCO ilowe pokhapo batili yatsika. Koma asiye malile, batili isatsike kupitilila 30 olo 40 pelesenti, kuti malaiti akapita mosalengeza asapezeke mu mdima na batili yopanda kanthu. Mu mainza, olo nthawi imene malaiti akubwela maola atatu cabe, lolani ZESCO ithandize kuchaja. Pamenepo funso siikhala ya mtengo, ikhala yakuti filiji izafika m'mawa olo iyayi. Uzani amene anakuikilani akuonetseni mabatani ake. Si ufiti, ni mabatani anayi cabe, ndipo munamulipila.

Wa pa sitepu ya pansi acite zosiyana, ndipo apa ambili amadabwa. Batili ili na moyo wowelengeka. Nthawi iliyonse ikadzala na kutha, yakalamba pang'ono. Batili ya mtovu ya 12 volts 200Ah pa pepala isunga mayuniti 2.4, koma mufunika kutunga hafu cabe, 1.2, apo ayi izafa mwaka usanathe. Tiyelekeze kuti yakutumikilani maulendo 500: moyo wake wonse yapatsa mayuniti 600. Tengani mtengo umene munagulila, gawani na 600. Muzapeza kuti yuniti imodzi yodutsa mu batili imeneyo ni makwaca angapo, pamene ya ZESCO pa sitepu yoyamba ni mangwee. Ndiye kukamula batili usiku uliwonse malaiti alipo, ati nipulumutse mayuniti, kuli monga kuocha mpando kuti musunge malasha. Malaiti akakhalapo sewenzetsani ZESCO, batili isungeni ya mdima.

Ya lithium masamu ake ni ena. Ija ya 48 volts 100Ah isunga pafupifupi mayuniti 5, mungatunge 4 tsiku na tsiku, ndipo imapilila maulendo masauzande. Pa maulendo 3,000 ni mayuniti 12,000. Pogula imalasa mtima, koma pa yuniti imodzi ni yochipa kutalitali kupambana ya mtovu. Wa ndalama zocepa ni bwino ayambe na lithium yaing'ono kusiyana na kugula zamtovu ziwili zimene azasintha kawili mwana asanafike giledi 3. Batili ya motoka yeve musaiyese n'komwe. Inapangidwa kuti ilize injini masekondi ocepa, osati kuyatsa TV mpaka mpila usile.

Zakudya moto

Ciliconse cimene cimatentha cimadya. Giza ni ma watts 2,000 mpaka 3,000, ketulo pafupifupi 2,000, aini kupitilila 1,000, puleti imodzi ya sitovu 1,000 mpaka 1,500. Linganizani na babu ya LED ya ma watts 9, olo TV ya pansi pa 100. Ola imodzi ya giza ingayatse babu imodzi maola oposa 200. Giza ndiyo imakweza nyumba zambili pa sitepu ya pamwamba, ndipo ndiyo imapha mabatili. Wa nyumba yake ayambe na giza ya sola ya pa denga, ija ya mapaipi agalasi, imene siifuna batili olo invata. Nthawi zambili iyo yokha imatsitsa sitepu.

Zina zonse ni kusintha nthawi. Moto wocoka ku panelo kupita mwacindunji ku aini ni waulele, sudutsa mu batili ndipo sudutsa pa mita. Ndiye kusita mayunifomu kucoke pa 05 hours m'mawa kupite pa Ciwelu masana, pakati pa 10 na 14 hours, ngati invata yanu ili na mphamvu yonyamula aini. Makina ocapila, pampu yodzazila tanki, kuchaja malaputopu na mafoni, zonse masana. Filiza iyake usana wonse izizile bwinobwino, muikemo mabotolo a madzi aume, usiku muizime ndipo musatsegule-tsegule. Nyemba na mapazi a ng'ombe, ngati muli na poto ya magetsi ija ya presha, phikani dzuwa ili pamutu. Imadya pang'ono kupambana puleti ya sitovu. Nsima ya madzulo ilekeleni gasi olo mbaula. Nikudziwa kuti amene amacoka pa nyumba 06 hours na kubwela 19 hours azati izi ni za anthu okhala pa nyumba. Pang'ono ni zoona. Koma pali Sondo, pali ana otuluka sukulu masana, ndipo kataima ka pa soketi si kodula.

Kugulitsa moto kwa ZESCO

Mu 2024 boma inatulutsa malamulo a net metering, olola munthu wa sola kutumiza moto wotsala mu mawaya a ZESCO, n'kumuwelengela pa akaunti yake. Nkhani iyi inamveka bwino kwambili pa wailesi, ndipo ena anayamba kulota kuti denga izawalipilila lendi. Tiyeni titsike pansi.

Coyamba, si invata iliyonse ingatumize moto kunja. Zambili zimene zili mu manyumba mwathu zimangolandila cabe. Ifunika invata yopangidwila zimenezo, yokwanilitsa miyezo, imene imaleka kutumiza yokha malaiti akapita. Ifunikanso mita ina yowelenga mbali zonse ziwili, kulembetsa ku ZESCO, kuyendeledwa na kusaina cipangano, ndipo wocita zimenezi ni mwini akaunti. Wa lendi ali kale panja. Ndiye pali ici cimene sacikamba kwambili: mungatumize moto pokhapo mawaya ali amoyo. Malaiti akazima kucoka m'mawa mpaka madzulo, nthawi imene mapanelo anu ali pa mphamvu, mulibe kogulitsa. Muli monga mayi wa tomato amene wafika pa Soweto wapeza msika ni wotseka.

Net metering imayenelela nyumba ya mapanelo ambili imene masana imakhala yopanda anthu, sukulu imene imatseka pa holide, chalichi imene denga yake ni yaikulu koma imayaka masiku awili pa wiki. Kwa otelo, m'malo mogula batili yaciwili kuti asunge moto wa masana, angautumize kunja. Musanasaine, onani mu cipangano mtengo umene azakuwelengelani pa yuniti yotuluka, muulinganize na wa sitepu yanu, muikepo na ndalama ya mita yatsopano. Ngati muli pamwamba, yuniti imene mwadya nokha masana imakupulumutsilani ndalama yooneka, ndiye yambani mwadya, mugulitse zotsala. Wa mapanelo awili alibe zotsala, asavutike na mafomu.

Ndipo musalole kamnyamata kodziwa-dziwa kakulumikizileni kuti moto uzibwelela kudzela pa mita wamba ya prepaid. Mamita ambili otelo sadziwa kumene moto ukupita, amangowelenga, ndiye mungapezeke mukulipila mayuniti pa moto umene mwapatsa ZESCO mahala. Coipa kwambili ni cakuti waya imene anyamata a ZESCO azima kuti akonze ingakhale yamoyo cifukwa ca nyumba yanu. Pa pholo paja pali mwana wa munthu.

A tamanga na a nkhongole

Wa bizinesi masamu ake sayambila pa bilu, ayambila pa makasitomala amene abwelela pa khomo. Baba shopu ni yosavuta: makina ometela amadya pang'ono monga babu, ndiye panelo imodzi na kabatili ka lithium kangayendetse makina, mababu, kawailesi na kuchaja mafoni a anthu tsiku yonse. Saluni ni nkhani ina, cifukwa dilaya imodzi imadya monga ketulo, ndiye ifunika invata yaikulu na kuika makasitomala a dilaya masana. Wa ma ice block na wa butchala adalile filiza yozizila usana. Wa welding asanamizidwe na sistemu ya pa nyumba, makina ake amakoka moto wambili nthawi imodzi. Dziwaninso kuti ZESCO ili na mtengo wa pa nyumba na mtengo wa bizinesi, ndipo filiza zitatu za bizinesi pa mita ya pa nyumba zimakokela banja yonse pa sitepu ya pamwamba. Shopu ikakula, ipatseni mita yake.

Palinso mtengo wina umene anthu sauona monga mtengo wa magetsi: sola yolipila pang'onopang'ono pa foni, monga ya Sun King olo MySol. Kwa munthu wopanda ndalama ya pamodzi, olo wokhala kumene mapholo sanafike, yathandiza mabanja ambili, ndipo ikavuta pali kokadandaula. Koma musamve cabe ndalama ya pa tsiku. Iwelengeni na masiku onse a cipangano, muikepo dipoziti, muone cinambala cimene cituluka, mucilinganize na mtengo wa kesh. Funsaninso cimene cicitika mukalumpha masiku, cifukwa zambili zimazikhoma zokha mpaka mulipile. Za kaloba zeve iyayi. Ciwongola dzanja ca mwezi umodzi cingadye zonse zimene sola ikanapulumutsa caka conse. Cilimba olo village banking ni bwino, ndipo mungagule pang'onopang'ono: invata na batili poyamba, mapanelo mwezi wotsatila, malinga invata ikhale yolandila mapanelo ena mtsogolo.

Pa denga peve zocepa cabe. Kuno tili kumwela kwa dziko lapansi, ndiye panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka. Fumbi ya August mpaka October imadya moto, pukutani na madzi m'mawa galasi isanatenthe. Mthunzi wa mango olo tanki pa kona imodzi ungagwetse mphamvu ya panelo yonse. Mawaya akhale onenepa bwino, pakhale fyuzi pakati pa batili na invata, cifukwa batili ikacita shoti siifunsa. Ba lendi, gwilizanani na ba landilodi pa pepala musanaboole malata, kuti tsiku yosamuka pasakhale nkhani yakuti ca pa denga ni ca nyumba. Ndipo mangani na mabauti olimba, akawalala naonso anaphunzila mtengo wa panelo.

Zinthu zikusintha. Mu June 2025 anatsegula munda wa sola wa ma megawatts 100 ku Chisamba, ndipo mvula ikagwa bwino Kariba na Kafue Gorge zimapuma. Maola a mdima angacepe caka cino n'kubwelanso caka ca cilala, ndipo ERB izakhalanso pansi pa mitengo. Ndiye cifukwa cake sistemu yabwino ni imene mungasinthe na mabatani nyengo ikasintha, osati yogula na mantha a mwezi umodzi.

Musanakwele basi ya ku town, tsegulani mameseji a mu foni, musakile matokeni onse a miyezi itatu yapita. Onkhetsani mayuniti a mwezi uliwonse, osati makwaca, mulembe pa pepala. Pansi pake lembani zinthu zimene simungagone popanda, na ma watts ake olembedwa kumbuyo kwa ciliconse, na maola amene zimayaka. Pepala imeneyo ndiyo muzapatsa wogulitsa. Akaiwelenga n'kuyamba kufunsa za giza na za mita ya pa yadi, khalani pansi mukambe naye. Akaikankhila pambali n'kuyamba kuloza cibokosi cacikulu ca pa kona ati bosi tengani ici cinyamula vonse, pindani pepala yanu. Mu Kamwala mashopu ni ambili.